Ndinaipopera Penti Yakuda Galimoto ya Bambo

Ndine mmisiri wopopera penti magalimoto, ndipo ntchito yokongola kuposa zonse imene manja angawa anagwirapo ndi imene inafulumizitsa mayi anga kumanda. Ndinaigwira ndi mtima wofuna kukhaulitsa munthu wina. Inu owerenga, makamaka inu amene mwasunga mangawa ndipo mukudikira tsiku lanu, tamvani mmene zinandiyendera ine.

Bambo anga anali dalaivala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Kwa zaka zambiri ankayendetsa manijala wachizungu, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto yake yakale, ija yaitali yokhala ndi chitseko kumbuyo. Mtundu wake unali ngati wa tiyi wochuluka mkaka. M'mbali monse inali ndi zomata zooneka ngati matabwa, mizere ndi mfundo zomwe, koma zinali pulasitiki chabe. Ana a kumakomboni ankabwera kudzagogoda kuti amve ngati unali mtengo weniweni, ndipo anthu anaipatsa dzina loti Kabati. Loweruka lililonse ine ndi bambo tinkaitsuka, iwo n'kupaka matabwa abodzawo polishi mpaka kuwala. Kukonda penti ndinayambira pamenepo. Bambo ankanena anthu akumva kuti Kabati idzakhala yanga.

Atamwalirira kuchipatala, a esiteti anatichitira hayala galimoto yamaliro, yakuda bii, yokhala ndi kamzere kasiliva m'mbali. Mayi anakhala kumbuyo, pambali pa bokosi, msewu wonse wa mabampu. Titafika kumudzi anatsika m'galimotomo. Anandigwira mkono n'kunena kuti galimoto ya mtundu umenewu adzakweranso atagona chagada. Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu anga, sindingawakane.

Tsiku lometa maliro, abale a bambo anakhala pansi n'kutikumbutsa mwambo: ife ana ndife a kuchikazi, chuma cha mwamuna chimapita kwa mphwake. Nyumba sakanainyamula chifukwa inali pamudzi pa mayi, koma chilichonse chokhala ndi matayala chinapita. Mphwake wa bambo anali Dayisoni, mwana wa azakhali anga, munthu amene anali asanagwirepo n'kansanza komwe kupukuta galimotoyo. Anachotsa yekha makiyi pamsomali. Potuluka pabwalo anaimba hutala ngati akuchokera ku ukwati. Ndinadzuka kuti ndimutsatire, mayi n'kundikoka malaya kuti ndikhale pansi. Ndinakhaladi, koma mumtima ndinalumbira kuti munthu ameneyu adzandidziwa.

Ndinabwerera ku Limbe kumene ndimagwira ntchito pagalaja. Kumudzi ndinasiya kupita pafupipafupi chifukwa sindinkafuna kukumana ndi Kabati pamsewu ili m'manja mwa mbala. Mayi ndinkangowatumizira kangachepe pafoni, n'kumadziyesa mwana wabwino. Mbiri inkandipeza konko kuti Dayisoni akuchita matola pakati pa Khonjeni ndi ku Boma, akulongeza nthochi, mbuzi ndi matumba a makala pamipando imene bambo ankaletsa ngakhale kudyerapo mzimbe. Tsiku lina ndinaiona Kabati pa Boma. Penti padenga inali itasupuka ngati khungu la mbatata yootcha, dzimbiri litadya m'munsi mwa zitseko, matabwa ena akulendewera, omangidwa ndi waya. Ndinalephera kudya tsiku limenelo. Koma ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhonoyo inabwera yokha. M'mawa wina Kabati inalowa pagalaja, Dayisoni n'kutsika akumwetulira ngati palibe chimene chinachitika pakati pathu.

"Asuweni, galimoto ya ankolo yatha," anatero. "Makasitomala akuithawa, akuti ndi chiphakasa. Angaibwezeretse ndani ngati si inu amene munakula nayo? Muipake mmene inalili, matabwawo muwamatenso bwinobwino."

"Isiyeni asuweni," ndinayankha. "Ntchito yanga simudzaiiwala."

Inu owerenga, sindinaigwire mwachinyengo ayi. Ndikanafuna ndikanangopopera pamwamba pa dzimbiri kuti penti idzasupuke mvula yoyamba, koma zimenezo zinali zochepa kwa ine. Ndinayamba ndi matabwa. Ndinawakanganula limodzilimodzi, n'kukawaunjika kuseri kwa galaja, n'kuwathira thina wosungunulira penti, n'kuyatsa. Utsi wake unali wakuda, wonunkha, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anatha. Kenako ndinapala galimoto yonse ndi sandipepala mpaka chitsulo kuoneka. Pobowoka ndinawotcherera, pophwanyika ndinamata fila n'kusalaza, penti yoyambirira ija ya pulayimala ndinathira mosaumira. Penti ndinagula yodula, ija yosakaniza ndi mankhwala olimbitsa, yoti dzuwa ndi mvula ya ku Thyolo zikanike. Inali yakuda bii. M'mbali ndinajambula kamzere kasiliva, magalasi akumbuyo n'kuwadetsa. Chithunzi ndinali nacho kale m'mutu, cha galimoto ija inanyamula bambo.

Dayisoni atabwera kudzatenga anaima pakhomo pa galaja kukamwa kuli yasa. Anaizungulira, n'kugwira pamene panali matabwa. Anzanga a pantchito anali akufa ndi phwete.

"Mwandipha, asuweni," anatero motsitsa mawu.

"Ndi galimoto ya munthu wakufa," ndinamuyankha. "Ndangoipatsa mtundu wake. Nanga chisuweni chinatha?"

Pamenepo ndinamutsekera pakamwa. Kwathu msuweni amakuchita chipongwe, iwe ukapsa mtima anthu amaseka iweyo. Akanapita kukadandaula kwa akuluakulu, akanamuuza kuti ndi nthabwala za pachibale. Ndalama zokaipakitsira kwina analibe. Analowa n'kuiliza, ndipo ulendo uno hutala sanaimbe.

Zimene zinatsatira zinaposa zimene ndinkayembekezera. Ikamadutsa m'misewu ya m'minda ya tiyi, amayi othyola tiyi ankaima, madengu ali kumsana, n'kuweramitsa mitu. Abambo ankavula zipewa. Pasiteji oitanira ankakuwa kuti wamaliro wafika, amene wakonzeka akwere. Anthu ankalolera kudikira minibasi pamvula kapena kukwera kabaza kusiyana ndi kulowa m'menemo. Ogulitsa nthochi anati katundu wokwera galimoto imeneyo sayenda malonda. Pamsewu naponso apolisi ankamuimitsa Dayisoni chifukwa mtundu wa galimoto sunkagwirizana ndi wolembedwa m'mapepala ake. Nkhani iliyonse ikandipeza ndinkagulira anzanga zakumwa. Kukhosi kwanga kunali mbee, ndipo sindibisa, ndinkakondwa kumva kuti kunyumba kwa Dayisoni ndiwo zasanduka zamasamba zokhazokha.

Nyengo ya mvula ili pakati, masana ena, mchemwali wanga amene ankakhala ndi mayi anandiimbira foni akulira kuti ndifulumire ku chipatala cha ku Boma. Ndinawapeza mayi atagona, pakamwa patakhota, maso otsegula koma osandizindikira. Mchemwali wanga ananditulutsira pakhonde n'kundiuza zonse, ndipo sanandinyengerere.

Mayi anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, zimenezo ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa, chifukwa sindinafunsepo, n'chakuti ankayenda bwanji kupita kukiliniki kukayezetsa ndi kukalandira mankhwala. Ankawanyamula ndi Dayisoni. Chimwalirireni bambo, tsiku la kiliniki likakwana ankayamba wafika pakhomo pathu asanatenge munthu wina aliyense, ulere. Ankawakhazika kutsogolo, pampando umene mayiwo ankakhala pamene bambo anali moyo, ndipo mayi asanalowe ankasisita matabwa aja pachitseko. Analetsa aliyense kundiuza chifukwa ankadziwa kuti dzina la Dayisoni limandiwiritsa magazi. Tsiku limene Kabati inafika ili yakuda, mayi anaiyang'ana kamodzi n'kubwerera m'nyumba. Kabaza ankawapweteka msana, ndipo pomwe pamaima minibasi ndi patali, kokwera mtunda. Kukiliniki anasiya kupita, mankhwala n'kutha, iwo n'kumati akupeza bwino.

M'mawa wa tsiku limenelo anadzuka mutu ukuwawa, mkono utachita dzanzi. Mchemwali wanga anaitana Dayisoni, iye n'kufika msangamsanga ngakhale msewu unali woterera. Mayi ataona galimotoyo pabwalo anagwira mphuthu ya chitseko ndi mkono wabwinowo. Anayamba kulankhula Chilomwe, chimene ankachita akapsa mtima kapena akachita mantha, kuti iwo akadali moyo ndipo asawaike m'menemo. Dayisoni anagwada m'matope kuwachonderera. Anthu oyandikana nafe nawo anati kukakamiza wodwala kulowa m'galimoto yotere ndi kumulosera imfa. Anayamba kusakasaka galimoto ina, ndipo pamene lole ya pa esiteti inkapezeka dzuwa linali litapendeka, mayi atasiya kale kulankhula. Sanadzukenso.

Thupi lawo tinalinyamula pa Kabati. Panalibe chifukwa chofunira galimoto ina pamene yamaliro inali kale pabanja. Ndinakhala kumbuyo pambali pa bokosi, kuseri kwa magalasi amene ndinadetsa ndekha. M'minda ya tiyi amayi anaima n'kuweramitsa mitu monga ankachitira masiku onse, koma tsiku limenelo sanalakwitse. Kusiwa ndinamva bambo wina akuyamikira kuti penti imeneyi ndi ya mmisiri weniweni, munthu ungadziyang'anirepo nkhope, n'kufunsa kuti anapaka ndani. Titatsitsa bokosi, Dayisoni anabwera kudzaima pafupi nane, maso ali psuu.

"Asuweni," anandinong'oneza, "lero akwera."

Ndikanakonda akanandimenya.

Musaganize kuti Dayisoni ndamuyeretsa. Galimotoyo anailanda, bambo anali atanena kuti ndi yanga, ndipo hutala uja ndimamumvabe mpaka lero. Ndikamuona mtima umawirabe. Maliro atatha ndinamupempha kuti ndiibwezeretse mtundu wake wakale, ulere, ngakhale matabwa aja sangapezekenso kulikonse. Anakana. Anthu amene anaiona pamaliro a mayi anayamba kuichita hayala, ndipo lero Kabati siikhala pansi, ikuyenda kuyambira ku Khonjeni mpaka kwa Goliati kunyamula mitembo. Munthu amene ndinkafuna kumusaukitsa wafolera nyumba yake ndi malata atsopano. Penti nayonso siikusupuka, ndinaigwira bwino zedi.

Inu owerenga, akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma changa chinayamba chadutsira kwa mayi anga. Ngati wina anakulandani chanu, kaitaneni akuluakulu, pitani kukhoti, kapena mulalatireni pamaso kuti zithere pomwepo. Musakonze chiwembu muli kutali ndi kwanu, musakudziwa amene akudalira chinthu chimene mukufuna kuwononga. Ine ndinadziwa mtundu wa penti umene ungathamangitse makasitomala a Dayisoni, koma sindinadziwe amene ankakhala pampando wakutsogolo. Ndikanangofunsa funso limodzi pafoni, lakuti mayi, kuchipatala mumapita bwanji, bwenzi Kabati nditaipaka mtundu wa tiyi wamkaka. Amene makolo anu ali moyo, afunseni lero.