Mawu a Roza Amene Ndinapita Nawo ku Ndola

Chaka chatha ndinataya izi: mkazi wanga Roza, mwana amene sindinamuone nkhope, tulo, poto mmodzi.

Zinatsala ndi izi: nyumba ya kampani ku Parklands, ntchito yanga ya ukalaliki ku ofesi ya mgodi, ndi mawu ochepa amene Roza anandiuza pomaliza. Mawu amenewa ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amayi ake. Ndiwo ndinanyamula Loweruka lina m'mawa kuchoka ku Kitwe kupita ku Ndola, ndipo cholinga changa chinali kubwerera nawo.

Anandiitana anali a Filimoni Kachigamba, mlembi wa masewero, amene aliyense wokhala ndi wailesi akuwadziwa. Roza ankasewera m'gulu lawo kuyambira ali mtsikana. Ankamutcha mwana wawo, motero ine ndinasanduka mkamwini wawo popanda wondifunsa. Anandiimbira foni ku ofesi pakati pa sabata.

"Mkamwini," anatero, "ndikukonza filimu ya moyo wa mwana wanga. Zonse zatha, kwangotsala mapeto. Bwerani mudzandiuze mawu ake omaliza. Inu nokha ndinu munalipo."

Munthu wamkulu amene ananyamula nawo bokosi la mkazi wako sumukanira pa foni. Umavala jekete, n'kupita kukamukanira pamaso.

Ndinatuluka seveni koloko. Parklands inali idakali m'tulo. Pamageti ambiri padakali tizikwangwani tochenjeza za agalu olusa, ngakhale kuti agaluwo anapita kale kummwera pamodzi ndi eni ake. Ife amene tinalowa m'nyumbazo utabwera ufulu sitichotsa tizikwangwanito. Timakhulupirira kuti ndi mbali ya chitukuko.

Pa siteshoni kondakitala ankafuula m'Chibemba kuti basi ikunyamuka pompano. Ndinalipira fote ngwee, ndinakhala pafupi ndi zenera, ndipo "pompano" wakeyo anakwana itadutsa naini koloko, atalowetsa munthu womaliza, njinga ziwiri ndi matiresi.

Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire, dengu la tinsomba ta kapenta pamiyendo, timagazini ta mpingo wawo tili m'chikwama. Anayang'ana kansalu kakuda kamene ndinamanga ndi pini pamalaya.

"Mwataya ndani, mwana wanga?" Anandifunsa m'Chinyanja. Kaya anazindikira bwanji kuti ndine wa kummawa.

"Akazi anga, amayi."

"Kalanga ine. Ana?"

"Palibe."

Anatsegula chikwama. Anandiuza kuti akufa ali m'tulo chabe, ndipo adzauka posachedwapa. Ndinathokoza. Ndinaona kuti kwa munthu wosagona ngati ine, uthengawo unali ndi kansanje pang'ono.

Titangotuluka m'tauni tinadutsa phiri lakuda la zotsalira za mkuwa, pafupi ndi Wusakile. Utsi wa ng'anjo unatilowa m'khosi, basi yonse n'kuyamba kutsokomola. Mwamuna wina kumbuyo anati, "Musadandaule, ndi fungo la ndalama limenelo." Palibe anamufunsa kuti ndalama za yani.

Pansi pa phiri limenelo ndi pamene panayambira a Kachigamba. Anabwera kuchokera ku Katete ali mnyamata, n'kupeza ntchito yogawa nyali kwa anthu otsika mumgodi. Iwo sanatsikemo ngakhale kamodzi, koma palibe analembapo za mdima wa pansi mokhudza mtima kuposa iwo. Sewero lawo loyamba linachitikira m'holo ya komboni pa nthawi ya atsamunda. Linali la wantchito wa mumgodi amene anaphunzira kusamba m'manja asanadye, ndipo mzungu woyang'anira holoyo analikonda kwambiri. Utayandikira ufulu, wantchito yemweyo anayamba kusamba m'manja za atsamunda, ndipo andale analikonda kwambiri. Kenaka kunabwera wailesi, kenaka chikho cha mphoto chochokera kunja kwa nyanja, tsopano filimu. Mkuwa ukugulidwa bwino, choncho pali ndalama zojambulira chisoni cha aliyense.

Sindikunena kuti alibe luso. Ali nalo, ndipo n'loopsa. A Kachigamba sapeka mawu. Amatola. Amakhala pamaliro, pamzere wa kuchipatala, m'mabala, khutu lili tcheru. Ndipo akafuna mawu a munthu samufunsa. Amanena dala zolakwika, munthuyo n'kupsa mtima, n'kuwakonza. Akamakonzedwa, pensulo imayenda.

Pa mlatho wa Kafue tinaima kumbuyo kwa magalimoto akuluakulu onyamula mkuwa. Mayi uja anandifunsa chimene ndikukachita ku Ndola. Ndinalakwitsa kutchula dzina.

"A Kachigamba a pa wailesi?" Anatembenukira kumbuyo. "Imwe, uyu akupita kwa a Kachigamba! Mukukumbuka mnyamata uja wa m'sewero, wofunsira mkazi?" Anakweza mawu, n'kuika dzanja pachifuwa. "'Ndilibe galimoto, ndilibe njinga, koma mayeso onse ndinakhoza!'"

Basi yonse inaseka. Wina anabwereza m'Chibemba, inasekanso. Kondakitala anati iye anayesapo mawu amenewo ku Chamboli, anamuthira madzi otsukira mbale.

Nanenso ndinaseka pang'ono, poti sikukanakhala bwino kukhala chete. Mawuwo anali anga. Ndinawanena kwa Roza kuseri kwa tchalitchi, nditangobwera kumene ku koleji, thukuta lili kamukamu. Patapita mwezi a Kachigamba anandiuza pagulu kuti amva zoti ndinagwada n'kulakatula ndakatulo ya Chingerezi. Ndinawakonza. Roza atamva mawuwo pa wailesi anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo anati ndisadandaule, mwa onse amene anawamva ndi iye yekha anavomera.

Pamlathopo ndinadziwa bwino chimene ndinkapita kukateteza. Mawu omaliza a Roza akanalowa m'filimu, akanatuluka m'kamwa mwa mlendo m'holo iliyonse kuyambira ku Chingola mpaka ku Livingstone, kenaka n'kumayenda m'mabasi pakati pa kapenta ndi matiresi. Ndinadzilangiza chinthu chimodzi: anene zimene anene, usawakonze.

Pamphambano ya ku Luanshya basi inaima kuti injini ipume. Dalaivala anathira madzi, ife tinatsika. Amayi a m'mbali mwa msewu ankagulitsa bowa, makala ndi chimanga chowotcha. Ndinagula chimanga cha faifi ngwee ndi kapu ya munkoyo wozizira bwino. Wogulitsayo ataona kansalu kanga anandiwonjezera theka la kapu osanena kanthu. Pa ulendo wonsewo ndi iye yekha anandipepesa bwino.

Tinafika ku Ndola dzuwa lili pamutu. Ndinatsikira ku Masala pamodzi ndi mayi wa kapenta, amene anandikakamiza kulandira kamagazini. Msika unali wodzaza: nsapato za pulasitiki, mawailesi atsopano, masuti opachikidwa pa misomali. Kuchoka pamenepo ndinayenda wapansi kulowera ku Heavy Industrial Area, m'misewu ya fumbi pakati pa mafakitale, ndikufunsa njira kwa alonda. Wachitatu anati, "A bayisikopo? Pitani kumene kukulira mzimayi. Wakhala akufa kuyambira m'mawa."

Inali nyumba yosungiramo katundu, ya malata, yotentha ngati uvuni. Pakona anaika bedi la chipatala, nsalu yoyera kumbuyo, ndi nyali zazikulu. A Kachigamba anabwera manja ali tambasu, atavala malaya a maluwa, pensulo ili kukhutu. Patebulo pawo panali chikho chija. Amayenda nacho kulikonse. Tsiku limenelo munali shuga.

"Mkamwini! Mwaonda. Khalani, imwani tiyi."

"Abambo, ndabwera kudzanena kuti..."

"Musanene kanthu. Ndinalakwa kukuvutitsani. Mawu aja ndawapeza kale. Nesi wina anandiuza. Ingokhalani muone."

Ndinadziwa kuti ndi nyambo. Ndinakhala pansi ndikudziwa.

Pabedi panagona mtsikana wokongola, pilo ali pansi pa diresi. Sankafanana ndi Roza, koma anamuphunzitsa kupotoza mutu monga ankachitira iye. Pambali pake panagwada mnyamata wa magalasi, atagwira dzanja lake. Ameneyo ndinali ine. Anali wamtali kundiposa, ndipo pa zimenezo ndilibe dandaulo.

Kamera inayamba kulira. Mtsikanayo anatsegula maso, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti asamulire, pakuti iye akufa koma dziko lake labadwa. Ananenanso za mkuwa, za mbendera, ndi za ana a mawa. Kwa munthu amene akutha magazi, anali ndi mpweya wokwanira msonkhano wa chipani. Atamaliza anagwetsa mutu. Wojambula anati ntchentche inadutsa, abwereze. Anafanso. Kachitatu anafa bwino kwambiri, onse anaomba m'manja, iye n'kudzuka kupempha madzi.

A Kachigamba anakhala pafupi nane. "Ndi momwemo, eti? Anakugwirani dzanja, n'kunena za dziko."

Ndinatapa shuga m'chikho chija.

"Nesi uja akuti munalira kwambiri pambali pa bedi."

Ndinamwa tiyi.

"Mwana wanga anali wotero. Mpaka pomaliza maganizo ake sanali pa zing'onozing'ono za m'nyumba ayi. Sanaganize n'komwe za inu. Anali wa anthu onse."

"Pabedi sindinafikepo," ndinatero. "Amuna salowa m'chipinda chimene chija. Tinasiyana pakhomo, iye ali pa mpando wa matayala. Ndipo sanatchule dziko."

"Ayi?"

Ndinawauza. Mawu onse, monga momwe analili. Ndinamva akutuluka, ndipo sindinathe kuwagwira. Fote ngwee, phiri, mlatho, malangizo anga onse, zinathera pamenepo.

A Kachigamba anaika kapu yawo pansi. Ndinayang'ana dzanja lawo, kudikira kuti lipite kukhutu. Silinapite.

"Basi?" anafunsa.

"Basi."

"Mkamwini," anatero atapuma, "filimuyi ikaonetsedwa kunja. Kudzakhala akazembe. Mawu amenewo sangatseke filimu. Alibe... alibe kulemera." Anaimirira. "Tisiya a dziko aja. Pepani kuti mwavutika ndi ulendo."

Anatembenuka msanga, n'kuyamba kukalipira munthu wa nyali pa chifukwa chimene sindinachione. Mawu awo anali atasasa. Ndikutuluka, mtsikana uja anandithamangira, pilo ali m'manja.

"Achimwene, ndinachita bwino? Ndi mmene ananenera?"

"Mwachita bwino kwambiri, achemwali," ndinatero. "Roza sakanatha kufa bwino chonchi."

Basi yobwerera inali ya folo koloko, ndipo inanyamuka faifi. Sindinalankhule ndi munthu. Pamphambano ya ku Luanshya mayi wa munkoyo anali atapita. Utsi wa ng'anjo unatilandira tisanaone nyumba za Kitwe, ndipo ndinafika ku Parklands kutada.

Ndaganiza za ulendowu kangapo. Ndinapita kukakana, koma amene anakanidwa ndine. Mpaka lero sindidziwa chimene chinachitika m'nyumba ya malata ija. Mwina katswiri wolandira chikho anayeza mawu a mkazi wanga n'kuwapeza opepuka. Mwina munthu amene watola za eni moyo wake wonse anatola chinthu, anachizindikira, n'kuchibweza pamalo pake. Ndikakwiya ndimakhulupirira choyamba. Koma pensulo ija ndinaiona ndi maso anga. Sinachoke kukhutu.

Filimu idzatuluka, ndipo mudzamva Roza wa a Kachigamba akutsanzika mtundu wonse. Mudzalira, poti amadziwa ntchito yawo. Ine ndikulemba wanga pano, pamene palibe nyali kapena wobwereza. Sindikuopanso kuti mawu ake angabedwe. Mwini luso ananena kale kuti alibe ntchito.

Tsiku limenelo zowawa zinayamba nthawi isanakwane. Tinathamangira kuchipatala pa galimoto ya mnansi, sitovu tinaisiya yoyaka. Ndinakhala pabenchi panja mpaka dokotala anatuluka. Mnansi yemweyo ndiye anaona utsi pazenera, n'kuthimitsa magetsi a nyumba yonse. Poto anali atabooka.

Pakhomo paja, nesi akukankha mpando, Roza anatembenuza mutu, anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, n'kunena kuti:

"Inu a Dami, musangoima pamenepo ngati mlonda. Pitani mukaphule nyemba zija, simunadye chilichonse lero."