Ajaji a ku Amereka ndi geti la ku Limbe

Mdzukulu wanga Chikondi wayala mabuku patebulo kuno ku Partick, kutsidya kwa nyanja, akuti mayeso ake ndi a milandu ikuluikulu ya ku Amereka. Ndamufunsa, "Mkazi wanga, wafika pa mlandu umene unandikwapulitsa ine?" Wangondiyang'ana ngati agogo apenga.

Ndili mwana, abambo anga ankasamalira maluwa pasukulu ya ana a azungu ku Limbe. Tsiku lina akalaliki oyandikana nafe anawawerengera nyuzipepala: "Ajaji a ku Amereka alamula kuti mwana wakuda ndi wa mzungu aziphunzira m'kalasi imodzi." Abambo anangoti, "Kani."

Ine ndinkayesa kuti ajaji amalamula dziko lonse lapansi, ngati Mulungu. M'mawa mwake ndinakhula zidendene ndi mwala, kudzola nsatsi, n'kukalowa pageti la sukulu ya azunguyo. M'kalasimo munkanunkhira polishi ndi choko. Ndinakhala kutsogolo kwenikweni, miyendo ili lendelende.

Dona wophunzitsa anakuwa.

"Alamula ajaji," ndinawauza, monyadiratu.

Anaitanitsa abambo. Analowa atavula chipewa, manja ali matope okhaokha, n'kundikwapula ana onse akuona. "Pepani dona, ndi mwana uyu." Ntchito inathabe tsiku lomwelo. Tinabwerera kumudzi, ndipo sukulu imene ndinkaphunzira kumishoni inathera pomwepo.

Zaka zambiri ndinkati anandimenyera kupusa. Lero ndawapitirira msinkhu, ndazindikira kuti ankapempha ntchito yawo ndi msana wanga, poti analibenso china chopereka.