Ng'ombe zathu za ku Mhuju

Mdzukulu wanga ndinamutenga atangosiya kuyamwa. Mayi ake atamwalira, bambo ake anakwera basi ya ku Joni, ndipo mpaka lero ali zii. Ndinamulera kuno ku Nchenachena ndi lamulo limodzi: za m'nyumba zisatuluke pakhomo. Munthu akafunsa kuti mwadya chiyani, uziti tadya. Akafunsa kuti agogo ali kuti, uziti alipo.

Lamuloli lili ndi pochokera. Chaka china kunabwera anyamata awiri ovala bwino, aulemu chomene, akufunsa za ziweto khomo ndi khomo. Khola ndinawaonetsa ndekha. Mwezi usanathe, mbuzi zinapita. Anthu amati zinangochitika, sizikugwirizana. Iwo aziti choncho.

Ndiye mwanayu atafika Sitandade 6, sukulu nayo inayamba mafunso. Anayamba ndi masamu.

"Agogo, akuti tiwerenge ziweto zakwathu, mawa tikawonkhetse za kalasi yonse."

"Akuti ndani?"

"Aphunzitsi."

"Akawonkhetsa atani nazo?"

Ndinamuuza kuti asalembe kanthu. Sabata yomweyo sayansi inafuna kudziwa zimene tadya masiku onse, ati aone ngati magulu a zakudya akukwana. Ulimi unafunsa za m'nkhokwe. Phunziro la chikhalidwe linati ajambule mtundu wake, mayi apa, bambo apa, ndi ntchito zawo. Chichewa chinafuna chimangirizo cha banja lathu. Mukaphatikiza zonsezi, munthu akudziwa khola lako, nkhokwe yako, poto wako, ndiponso kuti pakhomo palibe mwamuna. Chingerezi sindinkachimva, ndiye mwina ndicho chinkafunsa kwambiri.

Chimene sindinkadziwa n'choti wosalemba ntchito yakunyumba ankamutulutsa kukatchetcha udzu anzake akuphunzira. Mwana wanga anatchetcha teremu yoyamba, anatchetcha yachiwiri, bwalo la sukulu linayera. Mayeso onse awiri analephera. Tsiku limene anabwera ndi zotsatira zachiwirizo anaponya chikwama pakhonde.

"Ndikalephera teremu yomaliza ndibwereza. Ndipo ine sindibwereza, agogo, ndine wamtali kale kuposa onse. Ndizikagulitsa nthochi pa Mhuju."

Atsikana ogulitsa nthochi pa siteji ya maminibasi ndimawadziwa kumene amathera. M'mawa mwake ndinamanga chitenje, n'kukwera chitunda cha kusukulu. Sindinalowe msanga. Ndinayamba ndaima kuseri kwa zenera, kumvetsera ngati amatchula makomo a anthu. Ankaphunzitsa za mitsinje. Mwina anandiona.

Aphunzitsi ake anali mayi wachitsikana wochokera ku Dowa, wa Chichewa chothamanga ngati akuthawa mvula. Anandipatsa mpando. Ndinakhala m'mphepete mwake.

"Agogo, ine mbuzi zanu ndizitani?"

"Mbuzi amazitani?"

Anaseka, ine ayi.

"Ine ndikufuna mwanayu adziwe kuwonkhetsa ndi kulemba chiganizo choongoka. Kukhola kwanu sindidzafikako. Alembe zilizonse, bola alembe."

"Ndiye aname?"

"Tinene kuti apeke."

"Sukulu ya mishoni, belu la tchalitchi likumveka, mukuphunzitsa mwana bodza."

"Nanga chilungamocho mwachikana ndinu, agogo."

Ndinati yewo, n'kutuluka. Njira yonse ndinkafufuza pamene pali msampha, osapapeza, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Masana amenewo, ine ndi mdzukulu wanga tikusenda nyemba, tinamanga banja latsopano. Ndinamuuza kuti bodza la masamu lizigwirizana ndi la sayansi, asadzamugwire. Tinadzipatsa ng'ombe, n'kuziika kutali, ku Mhuju, kwa malume amene kulibe. Bambo ake tinawalemba ntchito yolondera nyama zakutchire m'nkhalango ya boma ku Thazima. Popeza tinali ndi ng'ombe, sayansi inapeza kuti timamwa mkaka m'mawa uliwonse, ndipo ulimi unamva kuti ndowe timathira m'munda wa khofi. Mwanayo anazikonda mopitirira. Ng'ombe anazipatsa maina ndi mawanga, bambo ake anawapatsa mfuti ndi njinga yamoto. Pa bambopo ndinangomusiya. Ankalemba atatulutsa lilime, osadzutsa mutu.

Kutchetcha kunatha. Koma aphunzitsi aja, pokondwa ndi chimangirizocho, anachiwerenga mokweza kalasi yonse ikumva, osanena n'komwe kuti n'chopeka. Ana ali ndi makutu, ndipo kwawo amadya akulankhula.

Woyamba anali mayi woyandikana nane, tikutunga madzi.

"Monile, eni ng'ombe. Ife tikumwa tiyi wakuda, ena mkaka akuthira m'sayansi."

"Ndi za kusukulu zimenezo, kulibe ng'ombe."

"Eee, mukanakhala nazo mukanavomera, inuyo?"

Pamenepo ananena zoona, pakuti mudzi wonse ukudziwa kuti sindikanavomera. Amayi a kutchalitchi pogawa mayunifolomu kwa ana amasiye anadumpha khomo langa, ati bambo ake a mwanayu ali pantchito ya boma. Kenako kunabwera mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, munthu amene sanapondepo pano chitsirizire maliro. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo.

"Mlamu, ng'ombe zimenezi zinayamba liti? Achimwene ali moyo, kapena?"

"Zinayamba teremu yachitatu."

"Musandiseweretse. Ngati ndi za achimwene, banja liyenera kudziwa."

Ndinamuuza kuti apite ku Mhuju akazione yekha. Anapitadi. Anabwerako akunena kuti ndazisamutsa.

Zotsatira zitatuluka, mwana anatsika chitunda akuthamanga. Anakhoza, analowa Sitandade 7, ndipo za nthochi sanazitchulenso. Ndinamuphikira mazira enieni. Koma aphunzitsi aja anakwera nayo limodzi kalasiyo, ndipo sabata yoyamba yomwe masamu anafunsa kuti ziweto zija zaswana bwanji.

"Lemba kuti zinafa zonse," ndinatero.

"Ulimi ufunsa kuti ndi matenda anji, agogo. Ndipo anthu adzati nyama munadya nokha."

"Lemba kuti tinagulitsa."

"Ndiye agogo aamuna aja abweranso."

Motero ng'ombezo zilipobe, chaka chino zabereka, ndipo mwana akukhoza nazo bwino. Ine ndimayankha milandu yake pamjigo, kutchalitchi ndi pamaliro. Aphunzitsi tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, kufunsa kuti ziweto zadzuka bwanji, ndipo sindidziwa kuti akunena ziti. Mbuzi zanga zenizeni zili kuseri kwa nyumba. Kuti ndi zingati, sindilemba ngakhale pano.