Ndinayankha Kuti Amayi Alipo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinataya sukulu chifukwa cha liwu limodzi, ndipo mpaka lero liwulo sindinaliiwale.

Tinali titangobwerera kumene kwathu ku Majaua kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Anthu amakonda kuikamba nthawi imeneyo ngati ya chikondwerero, ati mtendere unabwera, tinaimba m'malole. Kuimba tinaimbadi, koma titatsika tinapeza tchire. Pamene panali nyumba yathu panali patamera mitengo yotalika kuposa munthu, ndipo tinapazindikira chifukwa cha mphero yosweka imene inatsala pabwalo. Tinkayenda m'njira zopondedwa kale zokhazokha poopa mabomba okwirira. Manja a aliyense anali matuza okhaokha chifukwa chozula zitsa.

Mayi anga ondibereka anamwalira ku kampu ndi matenda otsekula m'mimba ndili ndi zaka zisanu. Bambo anga anatengedwa ndi asilikali kukasenza katundu tisanathawe, ndipo sanabwererenso. Amene anandilera ndi mng'ono wa mayi anga, a Felisiya, pamodzi ndi ana awo anayi. Kwathu kuno mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, palibe zokambirana. Ndinayesapo kamodzi kuzikana. Tikusewera phada ku kampu, ndinauza mnzanga kuti, "Awo si mayi anga enieni." Sindinadziwe kuti a Felisiya ali kuseri kwa chisakasa akupeta chimanga. Anandikoka khutu mpaka ndinaima ndi zala za kumapazi.

"Ine ndi mayi ako tinayamwa bele limodzi," anatero. "M'nyumba mwanga mulibe mwana wamasiye. Ndikadzamvanso zimenezo udzandiona."

Khutulo linatupa masiku awiri, ndipo phunzirolo linalowa.

Ku Malawi ndinali nditafika sitandade folo. Ndinkawerenga Chichewa kuposa anyamata a ndevu a m'kalasi mwathu, ndipo sukulu ndinkaifuna kuposa chakudya. Koma sukulu ya ku Majaua inali itapsa pa nkhondo. Anamanga zisakasa ziwiri za udzu, pamene ana obwerera anali osawerengeka. Malo ankapatsa mwana wokhala ndi makope ake ndi sedula, pepala la boma losonyeza kubadwa. Abambo, amuna awo a Felisiya, ananena poyera kuti angakwanitse anyamata awiri okha, enafe tigwire khasu. Sindikuwada. Analibe kanthu.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, sekeretaliyo, mlembi wa m'mudzi, analengeza kuti kukubwera anthu a ku boma, a ofesi yosamalira ana ndi mabanja, kudzalemba ana amene makolo awo onse awiri anamwalira. Wolembedwa akalandira sedula, makope, bulangete ndi malo ku sukulu, ndipo banja lomulera likalandira mbewu. Anati akubwera tsiku limodzi lokha.

Amayi anandichapira diresi, nandidzoza mafuta ophikira m'miyendo kuti ndisaoneke mbuu.

"Ukalankhule momveka," anatero tili m'njira. "Usakayang'ane pansi ngati wakuba nkhuku."

Anandilangiza za kaimidwe, za kupereka moni, za kusakanda m'mutu. Za chimene ndikanene akandifunsa za mayi anga, sanatchule. Ndikuganiza kuti pakamwa pawo sipanalole.

Anthu a ku bomawo anaika tebulo pakhonde la sitolo yakale yopanda denga, makoma ake obookabooka ndi zipolopolo. Anamanga chingwe kuti akuluakulu akhale kutali, ati amaphunzitsa ana kunama. Wolemba anali mayi wa magalasi wochokera ku mzinda wa Kelimane. Tonse tinkangomutcha senyora. Sankalankhula Chinyanja kapena Chilomwe koma Chipwitikizi chokha, choncho pambali pake panakhala bambo wina wachikulire womasulira. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Fumbi linkalowa m'mano, tiana tina tinkalira ndi ludzu. Ine ndinatopa, koma makutu anga anali pa mafunso, ndipo ndinaona kuti ndi omwewo kwa aliyense. Ndinadziuza kuti ndikafika ndiwaonetse kuti ndine wa nzeru, woyenera sukulu.

Anafunsa dzina, ndinayankha kuti Rozalina. Anati, "Pai?" Womasulira anati akufunsa za bambo, ndipo ndinafotokoza za asilikali aja. Senyora analemba. Kenako anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mai?"

Liwu limeneli ndinalimva ndekha. Sindinadikire womasulira.

"Alipo! Ndi awo ali apowo, a chitenje chobiriwira."

Ndinaloza ndi chala. Amayi ataona kuti ndikuwaloza anakweza dzanja, akumwetulira mano onse kunja, poganiza kuti zikuyenda. Senyora anawayang'ana, nalemba timawu tiwiri, n'kudula mzere pa dzina langa. Womasulira uja anatsegula pakamwa ngati afunse kanthu, koma anayang'ana kutalika kwa mzere, n'kutsekanso.

"Pita, mwanawe, uli ndi mayi iwe," anatero. "Uzithokoza Mulungu. Wotsatira!"

Liwu lawo ndi lathu amamveka chimodzimodzi. Iwo amati mai, ife timati mayi. Kusiyana kwake n'kwakuti mai wa pa pepala lawo ndi mmodzi basi, amene anakubereka. Palibe anandiuza zimenezo, ndipo bambo amene ankadziwa zilankhulo zonse ziwiri anali ndi njala.

Pobwerera amayi anandifunsa kuti makope atipatsa liti. Ndinati sanandilembe.

"Chifukwa?"

"Anafunsa za amayi. Ndinati mulipo."

Anaima pakati pa njira. Ndinabisa khutu ndi dzanja, koma sanandikhudze. Anaseka kaye kuseka kouma, kenako anakhala pansi pa udzu n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Akanandikalipira bwanji? Ndinanena zimene iwo anandiphunzitsa.

Patapita sabata amayi anagulitsa nkhuku, tinauyamba wa ku Milange, kumene kunali ofesi ya anthu aja, kukakonza zolakwikazo. Tinayenda wapansi theka la njira, kenako tinakwera galimoto yodzaza matumba a nyemba. Tsiku loyamba mlonda wa pa ofesi anatiuza kuti tibwere mawa. Mawa lake tinakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Titalowa tinapeza senyora yemwe uja, ndi kalaliki wina wa tayi amene ankamasulira. Chitseko anachisiya chotsegula, anthu a pabenchi akumva zonse.

Amayi anagwada pa simenti n'kufotokoza kuyambira pachiyambi: kuthawa, kampu, matenda, maliro. Kalaliki anawadula.

"Amayi, nkhani yaitali ayi. Mwana ameneyu ndi wanu kapena si wanu?"

"Ndi wanga, bwana, kungoti..."

"Palibe kungoti. Pepala lili ndi malo awiri. Wanu kapena ayi?"

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinkayang'ana nsapato za senyora.

"Si wanga," ananong'ona.

"Kwezani mawu, a senyora amve."

"Si mwana wanga! Sindinamubereke ine. Ndi wamasiye."

Ndinkadziwa chifukwa chimene tinabwerera, ndinkadziwa kuti ayenera kutero, koma kudziwa sikunathandize. Pakamwa pomwe paja panati m'nyumba mwanga mulibe wamasiye ndi pamene panafuula zimenezi pamaso pa anthu osawadziwa.

"Ndiye inu ndinu tiya," anatero kalaliki. "Mbale wa mai ndi tiya. Muzinena choncho, musamasokoneze boma."

Kenako senyora analankhula nthawi yaitali, kalaliki n'kufupikitsa. Ankafuna pepala losonyeza kuti mayi anga anamwaliradi. Amayi anati tinawaika ku kampu, m'manda opanda maina, nthawi imene anthu ankaikidwa angapo tsiku limodzi. Ndani ankalemba mapepala? Kalaliki anatukula mapewa. Anati ngakhale pepalalo likanakhalapo, maina anatumizidwa kale ku Kelimane, kaundula anatsekedwa.

"Sabata yatha mwana anati mayi ali moyo," anawonjezera. "Lero amwalira. Sabata yamawa adzauka?"

Anthu a pabenchi anaseka. Ena mwa iwo anali ndi mavuto ofanana ndi athu, koma anaseka.

Pamsika amayi anandigulira nzimbe ndi tindalama totsala. Anaisenda okha ndi mano n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Zikomo, tiya."

Nkhope yawo inagwedezeka ngati ndawamenya mbama. Ine ndinaona kuti lapweteka, ndipo ndinakondwa. Senyora sindikanamufika, kalaliki sindikanamufika, koma iwo anali pafupi. Kuyambira tsiku limenelo ndinawaitana choncho m'munda, pachitsime, ngakhale m'tchalitchi. Abambo anandikwapula kawiri, ine osasintha. Amayi ankangoyankha kuti "Ee, mwanangu," nthawi iliyonse.

Sukulu sindinabwererenso. Anyamata aja ankapita m'mawa ndi makope m'thumba la shuga, ine ndikupita kukapalira chinangwa. Chaka chotsatira anthu a ku boma sanabwere, ndipo atadzabweranso ndinali nditakula, mabere atamera, akuti kalasi yoyamba ya Chipwitikizi si ya anthu ngati ine. Lero ndimasenza nyemba pamalire, kuchoka ku Milange kupita ku Muloza, ndipo chimene ndimawerenga ndi nyuzi zokulungira katundu.

Masiku ano ndimamva pa wailesi akuluakulu akukamba zoti chisamaliro cha ana ndi mabanja chikonzedwe. Amachita misonkhano, amadya nkhuku. Ine sanandiitane, koma ndinena pano. Anthu aja anabwera kudzawerenga akufa, osati kudzaona amoyo. Funso lawo linali lakuti wamwalira ndani. Palibe anafunsa kuti akukulera ndani, nanga akukwanitsa? Mayi wa ana asanu pa munda wa zitsa ankafunika thandizo, kaya ndimutche mayi kaya tiya. Akanangotuma munthu mmodzi wodziwa chilankhulo chathu kuti afike pakhomo, akhale pamphasa, aone mmene timagonera asanu pa bulangete limodzi, sipakanafunika pepala la kumanda. M'malo mwake anamanga chingwe, n'kusiya tsogolo la mwana pa yankho la mwana wotopa ndi dzuwa, n'kutseka kaundula dzuwa lisanalowe. Ndipo ofesi imene imati imasamalira mabanja inagwaditsa mayi pa simenti kuti akane mwana wake mokweza.

Zimenezo n'zawo. Zanga ndi izi. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti mawu aja anawapweteka amayi kuposa ine. Chinthu chimodzi chimene ankanyadira pa moyo wawo wonse wa umphawi chinali chakuti mwana wa mkulu wawo sanakhale wamasiye, ndipo anachitaya pamaso pa anthu kuti ine ndipeze malo m'chisakasa cha udzu. Anachitaya pachabe, ine n'kuwalipira ndi liwu la kalaliki.

Amayi adakali moyo ku Majaua, maso ayamba kuchita khungu. Ndimapita kukawaona mwezi ndi mwezi, nditanyamula sopo ndi mchere. Njira yonse ndimakonzekera, ndimayeserera chamumtima mmene ndikawaitanire kuti amayi. Ndikafika pabwalo amamva mapazi anga n'kufunsa kuti ndani. Ndimatsegula pakamwa, koma lilime linazolowera tiya zaka zonsezi, ndipo ndimachita manyazi. Ndimangoti, "Ndine."