Khadi Lako la Gulugufe

Yami mphwanga, lero ndikulongosola sutikesi ya amayi ku Kawale ndapeza khadi lako lija la gulugufe wabuluu, lopindika pakona. Ndangokhala pansi osadziwa.

Ukukumbuka zaka za m'ma 2000 zija? Makhadi a masewera tinkawapeza m'matumba a majekete a kaunjika amene amayi ankagulitsa ku Mchesi. Tonse tinkalimbirana a zinjoka zolavula moto, koma iwe unasinthitsa ako onse amphamvu ndi a maluwa, a mphepo ndi a mame, anzathu n'kumakuseka. Unandiuza kuti, "Achimwene, gulugufe payekha ndi wofooka. Koma ndikamuzungulira ndi maluwa, palibe angamugwire." Loweruka lina masana tinasewera pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali ndi zinjoka zitatu, iwe ukungoyala maluwa ako limodzilimodzi, osapupuluma, kudikira gulugufe amene anali pansi penipeni pa mulu. Atatuluka unandigonjetsa, n'kugona chagada m'fumbi khadi lili pachifuwa, ukuyang'ana mitambo ngati nawe uuluka.

Tsiku lopita kuchipatala unandipatsa khadilo, unati ndikusungire, ukabwera tidzabwereza. Ndinalibisa m'sutikesi ya amayi kuti lisatayike. Sunabwere. Pakhomo panakhala zii, amayi anasiya kuimba pochapa, mpamene ndinazindikira kuti ife tonse tinali maluwa, tinkazungulira iwe. Nthawi zina ndimakulota uli pansi pa mango paja, ukusakaniza makhadi, ukundidikira. Usapupulume, Yami. Gulugufe wako ndikumusungabe.