Ulusi Wofiira pa Unyolo wa a Simbi

Pa unyolo wolendewera ku phaso la chipinda chakumbuyo panali timaulusi tofiira tisanu ndi kamodzi, tomangidwa motalikirana mphete zitatuzitatu. Kunsonga kwa unyolowo kunali babu lalikulu, ndipo pansi pake, pa utuchi, anapiye makumi asanu ndi atatu. Pakatha masiku anayi, babulo linkakwezedwa kufika pa ulusi wotsatira, kutentha n'kuchepako pang'ono.

Eni anapiyewo anthu amawatcha a Simbi, chifukwa anasita zovala za alendo m'hotela zaka makumi awiri ndi zisanu. Ntchitoyo inawasiyira msana wowerama ndi tsaya lodziwa moto. Monga mmene ankayandikizira simbi kutsaya asanaiike pa malaya a mwini, ankagwada m'chipindamo n'kutsitsa nkhope pafupi ndi utuchi. Choyezera kutentha chimene mkamwini wawo anawagulira chinkangokhala m'kabati, chikadali m'pepala lake.

Ulusiwo unabadwa m'tsoka. Chaka chimene anapuma ntchito, a Simbi analakwitsa monga angalakwitsire munthu wa zovala: ataona nthenga zadzaza kumsana ndi m'mapiko, anati anapiye avala. Sanayang'ane m'khosi ndi kumimba, kumene kunali kukadali ubweya waukhanda. Anazimitsa babu n'kuwasamutsira m'khola la panja tsiku lomwelo. Kutacha anawapeza ataunjikana pakona, apansi atafa ndi kupsinjika. Anapulumuka osakwana theka.

Chaka chino vuto linali nthawi. Mwana wawo wamkazi anali woyembekezera, ndipo anati adzachirira kwa makolo ake. Chipinda chapadera m'nyumbamo chinali chomwecho, ndipo chinkafunika kuchikolopa, kuchiumitsa ndi kuchipaka laimu mwanayo asanafike.

"Bambo, kwatsala masabata awiri," anatero mayi a kunyumba ataima pakhomo, mphuno ataitseka ndi nsonga ya nsalu. "Kapena mdzukulu wanu adzagone pa utuchi, muzidzamukwezera babu?"

"Mayi, malaya a silika sasitidwa mothamanga."

"Silika wanuyo akununkha."

A Simbi anaseka, koma unyolo sanaukhudze. Pa nkhani ya fungo mayiwo sankanama. Komabe m'thupi mwa mwanapiye mulibe kalendala ya pakhoma, ndipo chimene a Simbi ankawerenga ndi kakhalidwe ka anapiyewo. Akaunjikana pansi pa babu akulira mokweza, ndiye kuti azizidwa. Akathawira m'mbali, kukamwa kuli yasa, atenthedwa. Akabalalika n'kumapalasa, zonse zili bwino.

Babu litafika pa ulusi wachisanu, anayamba kulizimitsa masana n'kutsegula zenera. Kenako ankawanyamula m'makatoni kupita nawo kukhola, ola limodzi, mawa lake maola awiri, n'kuwabweza mphepo yamadzulo isanayambe.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi, kunagwa mvula yamphepo. Anapiye anaunjikana. A Simbi anatsitsa babu, kulibweza pa ulusi wachinayi. Mayi a kunyumba anaona, nawerenga masiku ndi zala. Madzulo ake anabwera ndi masaka akale atawasoka pamodzi.

"Kakolekeni kukhola, mbali yochokera mphepo," anatero. "Musaganize kuti ndawakonda. Ndikufuna chipinda changa."

Mvula inakata patapita masiku awiri, babu linakwera msanga mpaka ulusi womaliza, ndipo kenako linakhala lozima usana ndi usiku. Lachinayi m'mawa a Simbi analiyatsa kamphindi, anayang'anitsitsa, n'kulizimitsanso. Atatero anayamba kutuluka ndi makatoni.

Mwana wawo anafika Loweruka, laimu atangouma. Atatula chikwama, anayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, mpaka kukhola. Anapiye anali atagonamo kawiri. Awiri ofooka anali atafa. Otsalawo ankathamangitsana kulimbirana chiwala. Mwanayo anaima pambali pa bambo ake, amene ankapinda unyolo uja mosamala ngati taye ya mlendo.

"Musautaye, mwina ndidzaubwereka," anatero akuseka. "Koma ababa, munadziwa bwanji kuti tsiku lakwana?"

"Ndinawayatsira babu," anatero a Simbi, "ndipo palibe amene anabwera."