Tsiku Limene Mayi Fyuzi Anagwira Makwerero

Tinkawatchula kuti Mayi Fyuzi, koma kumbali. Anali ndi kashopu ka zamagetsi kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo amisiri awo tinalipo anayi. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, akuyenda ndi malume awo. Pofika zaka sikisite ankatha kungonunkhiza soketi n'kunena kuti mkatimo mwapsa waya uti.

Kukalipa sankakudziwa. Ukachedwa, ukabwera ukununkha za dzulo, kapena ukalumikiza waya n'kungokulunga tepi mwaulesi, ankatambasula dzanja n'kunena kuti, "Bambo, tesita." Unkapereka kachida kako koyezera magetsiko. Tsiku limenelo sunkakhudza waya, ntchito yako inali kugwirira anzako makwerero. Ine zinandigwerapo kawiri, ndipo ndinkalakalaka akanangonditukwana. Kukacha ankakubwezera tesita yako, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina tinkasintha mawaya m'nyumba ya atelala. Mnzathu wina amene tinkamuti Wamtali, bambo wa ana atatu, anafuula ali pamwamba: "Mayi, mwathimitsa?"

"Ndathimitsa," anayankha motero, foni ili kukhutu.

Pulayazi itangoluma waya, kunamveka phu! Moto unathetheka, Wamtali n'kudumphira pansi. Sanavulale, koma mano a pulayazi anasungunuka. Mayi anali atathimitsa swichi ya chipinda china.

Tonse tinazolika. Ine ndinayamba kuwaikira kumbuyo: "Maswichiwa ndi osalemba, aliyense akanatha..."

"Takhalani chete, achimwene." Mayi anasolola tesita yawo m'thumba la ovolosi n'kuiika m'dzanja la Wamtali. "Ndinayankha ndisanayeze. Kwerani, ndikugwirirani."

Wamtali anakana mpaka kuwomba m'manja, koma sizinathandize. Kuyambira naini koloko mpaka folo, mayi aja anaima pansi pa makwerero, fumbi la kudenga likuwagwera pa duku. Tonse tinkadziwa kuti mawondo amawavuta. Telala wina anawabweretsera mpando, iwo anangopukusa mutu. Makina osokera anali zii poti magetsi tinali titathimitsa, choncho atelala onse ankangoonerera, ena atagwira pakamwa.

Tikulongedza zida, Mayi anamuitana Wamtali. "Koma nanunso, munthu akati wathimitsa muziyeza nokha. Ngakhale wonenayo akhale ine."

Potsika pakhonde anagwira phewa langa, ndipo ndinamva thupi lawo lonse likunjenjemera ndi kutopa. Anandifunsa ngati ndakumbukira kutenga waya amene anatsala pa ntchitoyo.